Andikaniza inshulansi ya moyo chifukwa cha thupi langa, ndilowere kuti?

Zikomo Aphungu,

Ndine mayi wa zaka 43, ndimakhala ku Bangwe ndipo ndimachita geni ya zitenje mumsika wa Limbe. Ndili ndi ana atatu, wachisamba ali Fomu 3, chitsirizira ali Sitandade 2. Bambo awo anatisiya zaka zinayi zapitazo. Kalatayi ndikulemba usiku ana atagona, chifukwa nkhaniyi sindinauzeko munthu, ngakhale mchemwali wanga wa bere limodzi.

Malemu amuna anga ankagwira ntchito pakampani ina, ndipo chimene chinatiwombola maliro atatha ndi ndalama ya inshulansi ya moyo yomwe abwana awo ankawalipirira. Lamulo la penshoni kuno kwathu limalamula olemba ntchito kuikira antchito awo inshulansi yotereyi, yosachepera malipiro a chaka chathunthu, koma ine ndinazidziwa tsiku lomwe anandiitana kukasaina. Ndalama imeneyo ndi yomwe ndinafolerera nyumba ndi kupezera mpamba. Choncho za inshulansi sindinena zongomva ayi. Ana anga anadya nsima yake.

Ine tsono ndilibe bwana. Ndikagwa lero, chotsala ndi benchi ya kumsika, mipukutu ingapo ya nsalu ndi masheya a ku banki mkhonde, omwe sangakwane ndi fizi ya matemu awiri yomwe. Mayi anga ndi okalamba, ali kumudzi ku Thyolo, ndipo nawonso amayang'ana ine. N'chifukwa chake mwezi wa Febuluwale ndinalimba mtima n'kupita kukampani ina ya inshulansi kukafunsa za inshulansi yoti anawa adzamalizire sukulu ine kulibe.

Anandilandira bwino, ndisaname. Ndinalemba fomu, kenaka ananditumiza kwa dokotala wawo chifukwa ndalama yomwe ndinkafuna inali yokwererapo. Anandiyeza msinkhu, mamita 1.60. Ndinakwera pasikelo, makilogalamu 108. Shuga anapezeka ali bwino, koma BP inali yokwera, 150 pa 95. Dokotalayo anandilembera pakapepala nambala ina yomwe amati BMI, n'kundifotokozera kuti amatenga kulemera kwa munthu n'kugawa ndi msinkhu wake atauchulukitsa ndi msinkhu womwewo. Yanga inatuluka 42. Anati kuyambira 25 munthu wayamba kupyola muyeso, kuyambira 30 ndiye kunenepa kwenikweni, ndipo kupyola 40 akampani amachita mantha chifukwa shuga, matenda a mtima ndi sitiroko zimakonda matupi otere. Patapita masabata atatu ndinalandira yankho: ayamba aimitsa pempho langa, ndidzabwerenso pakatha chaka ndikadzatsika thupi ndi BP.

Aphungu, ndinalira mu minibasi kuchokera m'tauni mpaka ku Limbe. Chaka chathunthu! Amuna anga anadzuka bwinobwino m'mawa, pofika madzulo tinali tikuyala mphasa. Ine ndikudziwa kuti imfa sipangana tsiku.

Chomwe chikundipweteka kwambiri ndi ichi. Thupi lomweli ndi limene anthu akhala akundiyamikira nalo. Nditaferedwa ndinatsika kwambiri, ndipo zomwe zinkanenedwa pachitsime ndi kumsika ndinazimva ndi makutu angawa: akuti bambo aja anapita ndi kachilombo, mayiwa akutsatira posachedwa. Makasitomala ena anasiya kuima pabenchi panga. Thupi litabwerera, anthu omwewo anayamba kuti, “Mwapezatu mtendere mayi, geni ikuyenda.” Kumudzi ndikafika, azakhali amandigwira mikono n'kumathokoza Mulungu. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anandiuzapo kuti thupili lingadzanditsekere chitseko. Tsopano akuti nditsitse makilogalamu oposa 20, ndipo ndikudziwa kale zomwe zidzanenedwe ndikadzayamba kuonda. Ine ndingapirire, koma mwana wanga wamkazi anazimvapo kale kusukulu nthawi ija, ndipo sindifuna azimvenso.

Sikuti ndangokhala. Ndinapita kuchipatala, anandiyambitsa mankhwala a BP ndipo ndikumwa tsiku lililonse. Ndinasiya zoziziritsa kukhosi za shuga ndi mandasi a m'mawa, tiyi ndikuthira supuni imodzi, nsima ndikudya chipande chimodzi m'malo mwa zitatu, ndiwo zamasamba ndachulutsa. Masiku ena ndimatsika minibasi patali n'kuyenda wapansi ngakhale mawondo amandiwawa. M'miyezi inayi ndatsika makilogalamu 5 basi. Geni yathuyi ndi yokhala pansi tsiku lonse, ndipo ukapita kukaoda katundu ku Dar es Salaam umakhala m'basi usana ndi usiku, chakudya chake tchipisi ndi zokazinga zokhazokha.

Nkhani yomwe yandilembetsa kalatayi ndi ya sabata yatha. Kumsika kunabwera ejenti wina wa kampani ina, ndipo nditamufotokozera anaseka n'kuti ndinalakwitsa kupempha ndalama yambiri. Akuti ndipemphe yocheperapo yomwe safuna kupita kwa dokotala, pafomu ndilembe makilogalamu 85, pa funso la BP ndichonge kuti ayi, pa funso lakuti kodi kampani ina inandikanapo kapena kundiimitsa ndichongenso kuti ayi. “Amayeza ndani, mayi? Aliyense amatero.” Fomu anandisiyira, ili m'chikwama changa mpaka pano. Dzanja likukana kusaina. Ndinamva kuti munthu ukabisa matenda, tsiku lomwe wamwalira akampani amafufuza mabuku a kuchipatala, ndipo akapeza bodza amatha kukana kulipira. Buku langa la kuchipatala lalembedwa kale za BP. Ndiye ndizidzimana mwezi ndi mwezi zaka khumi, ana anga n'kudzabwezedwa pakhomo la ofesi chimanjamanja, ine ndili m'manda osatha kudziyankhira? Komanso ndine mayi wa mvano, bodza lolemba ndi dzanja langa lindisowetsa tulo. Koma ndikaona ana atagona apa, mtima wina umati saina, bola kanthu kusiyana n'kukhala opanda kalikonse.

Ndithandizeni, Aphungu. Kodi kampani imodzi ikakuimitsa ndiye kuti zonse zikukana, kapena ndiyese kwina ndikunena zoona zokhazokha? Dokotala uja ananena kuti ena amakulandira koma n'kukukwezera ndalama yolipira pamwezi. Ine ndingalolere kulipira yokwera ngati ndingaikwanitse, koma ndikufuna kudziwa ngati amadzaitsitsa munthu ukadzatsika thupi, ndiponso ngati zimenezo ndingapemphe kuti azilembe papepala ndisanasaine. Inshulansi ya maliro yosayezetsa ija ndikuidziwa, koma imathera pa bokosi ndi ufa wa pasiwa, ana sangaphunzire nayo. Kodi ndiyambe ndatenga imeneyo podikira chaka chino chithe? Nanga ejenti wolimbikitsa anthu kunama pafomu, ndi nkhani yoti ndingakaitule ku Reserve Bank, poti ndi amene amayang'anira makampani a inshulansi? Amayi anzanga awiri a mumsika anasaina kale tsiku lomwelo, ndipo sindikudziwa ngati ndiwauze zomwe ndikuopa.

Ejentiyo akuti abwera Lachisanu kudzatenga fomu.

Ine mayi wodandaula,
Bangwe, Blantyre