Lipoti la Msonkhano wa Aphunzitsi a Mbiri Yakale: Mtsutso wa Roma ndi Carthage

A Wapampando ndi aphunzitsi anzanga nonse,

Munandituma kuti ndikakuimirireni ku msonkhano wa aphunzitsi a mbiri yakale m'chigawo chathu. Za mayeso ndi za mabuku ndazilemba padera, pepala lake lili kwa alembi. Muno ndikufotokoza gawo la masana, lomwe linadya nthawi mpaka okonza anachita kutidula: mtsutso wakuti pakati pa Roma ndi Carthage, ndani anali wotukuka koposa, nanga ndani anasiyira dziko cholowa chachikulu.

Mbali ya Roma anaiimira bambo wina wachikulire, ndipo sanavutike. Anatchula msewu wa Via Appia womwe anayamba kuumanga mu 312 BC, ngalande zobweretsa madzi mumzinda, ndi kalendala ya Julius Caesar ya mu 45 BC, yomwe Papa Gregory XIII anangoikonza pang'ono mu 1582 n'kukhala yomwe tapachika m'makalasi mwathumu. Anatikumbutsanso kuti Chipwitikizi chomwe abale athu a ku Tete amayankhula chinabadwa ku Chilatini, komanso kuti makhoti a ku Zimbabwe ndi South Africa amagwiritsabe ntchito malamulo omwe mizu yake ili ku Roma. Apa panalibe wotsutsa.

Mayi amene anaimira Carthage ndiye anatenthetsa holo. Anati mzindawu, womwe mabwinja ake ali pafupi ndi Tunis, unamangidwa ndi anthu ochokera ku Tyre, Turo wa m'Baibulo uja, ndipo mwambo umaika chiyambi chake mu 814 BC, Roma asanakhaleko. Anali akatswiri a malonda ndi a panyanja. Doko lawo lankhondo linali lozungulira, la malo okwana zombo 220. Mtsogoleri wawo Hanno anatuluka m'Nyanja ya Mediterranean n'kutsika ndi gombe la kumadzulo kwa Africa. Boma lawo linali ndi oweruza awiri osankhidwa chaka ndi chaka, bwalo la akuluakulu ndi msonkhano wa anthu, ndipo Aristotle, katswiri wa nzeru wachigiriki, analiyamikira kuti ndi limodzi mwa maboma okonzedwa bwino a nthawi yake. Pa ulimi ndiye osanena: Aroma atawononga mzindawu, nyumba yawo ya malamulo inalamula kuti mabuku 28 a zaulimi a Mago, mlembi wa ku Carthage, amasuliridwe m'Chilatini. Mayiwo anafunsa kuti, ngati anali anthu obwerera m'mbuyo, opambanawo ankafuniranji nzeru zawo za kumunda?

Pamene ine ndinaphunzirapo kwambiri ndi pa funso lakuti n'chifukwa chiyani Roma ndiye anapambana nkhondo zonse zitatu zomwe anamenyana ndi Carthage. Ana athu amakonda za Hannibal, mkulu wa asilikali a Carthage, kuwoloka mapiri a Alps ndi njovu mu 218 BC, ndipo nkhani imathera pa njovupo. Koma taonani zimene zinachitika pa nkhondo ya ku Cannae, ku Italy, mu 216 BC. Tsiku limodzi lokha Aroma anataya asilikali pafupifupi 48,000 malinga ndi wolemba mbiri Livy, pomwe wolemba wina, Polybius, akuti 70,000. Dziko lina lililonse likanagwada. Roma sanapemphe mtendere, chifukwa anali ndi pangano ndi mizinda ya ku Italy kuti izipereka amuna a nkhondo m'malo mwa msonkho, ndipo ngakhale ina monga Capua inapandukira kwa Hannibal, yambiri ya pakati pa Italy inakhalabe naye. Carthage ankadalira kwambiri asilikali aganyu ndi a mitundu yomwe ankailamulira. Nkhondo yoyamba itatha mu 241 BC, malipiro atachedwa, asilikali omwewo anaukira mzindawo kwa zaka zoposa zitatu, ndipo Roma anapezerapo mpata wolanda Sardinia. Hannibal anakhala ku Italy zaka pafupifupi 15 akupambana nkhondo, koma mdani wake ankangophuka. Mapeto ake anagonja kwa Scipio, mkulu wa asilikali a Roma, ku Zama, kumpoto kwa Africa, mu 202 BC.

Nkhondo yachiwiriyi itatha, Aroma anamulipiritsa Carthage chindapusa cha matalente a siliva 10,000 kwa zaka 50, koma pofika 191 BC Carthage anali atapeza kale chuma choti n'kulipira zonse nthawi imodzi, ndipo Roma anakana kulandira. Ambiri tinaona kuti kuchira msanga kumeneku ndiko kunamuphetsa. Cato, wa m'nyumba ya malamulo ya Roma, sankatopa kuuza anzake kuti Carthage awonongedwe. Mu 146 BC mkulu wina wa asilikali a Roma, Scipio Aemilianus, anautentha mzindawo, ndipo otsala pafupifupi 50,000 anagulitsidwa ukapolo. Ndikupempheni anzanga, nkhani ija yakuti Aroma anawaza mchere m'nthaka tiisiye. Palibe wolemba wakale amene anaitchula, inayamba posachedwapa.

Mawu anakwera pa nkhani ya nsembe za ana. Woimira Roma anati palibe chitukuko chomwe chingaphimbe zoti ana ankaperekedwa nsembe kwa milungu ya Carthage, Baal Hammon ndi Tanit, ndipo akatswiri ofukula zakale anapezadi mitsuko yambirimbiri ya phulusa la makanda ku Carthage. Mayi aja anavomera kuti mitsukoyo ilipo, koma anati akatswiriwo sagwirizana: ena amati ndi nsembe, ena amati ndi manda a ana omwalira okha. Kenaka anawabwezera: Cannae itachitika, Aroma anakwirira amoyo Agiriki awiri ndi anthu awiri a ku Gaul mumsika wawo wa ng'ombe pofuna kupepesa milungu, ndipo kwa zaka mazana ankaombera m'manja anthu akuphana m'mabwalo a masewero. Ine ndinaona kuti pa nkhanza palibe woyera, ndipo kuwerengetsana mitembo sikunatifikitse patali.

Tsono maganizo anga, poti munandituma ndi mutu womwe. Pa cholowa chooneka, Roma akuposa kutalitali, ndipo sitiyenera kunamiza ana. Koma mlanduwu uli ngati wa pabwalo la mfumu pomwe mmodzi wamwalira, ndipo mboni zotsala ndi abwenzi a womupha. Polybius anali mnzake wa Scipio Aemilianus, anali pambali pake mzindawo ukupsa. Livy anali Mroma. Mabuku a m'Carthage anaperekedwa kwa mafumu a ku Numidia, dziko loyandikana nalo, ndipo anasowa. Ngakhale a Mago tangotsala ndi tizidutswa tomwe alembi ena anatengako. Choncho pafupifupi chilichonse chimene timaphunzitsa chokhudza khalidwe la anthu a ku Carthage chinadutsa pakamwa pa adani awo.

Pali mbuna inanso yomwe ndinaichenjeza pamsonkhanopo. Achinyamata ena ankafuna kuti nkhaniyi ikhale ya Africa kulimbana ndi Ulaya. Zimamveka bwino, koma sizikwana. Eni nthaka a kumpoto kwa Africa ankakhomera Carthage msonkho wowawa, ndipo ku Zama asilikali a pa akavalo a mfumu Masinissa ya ku Numidia ndiwo anathandiza Scipio kupambana. Kenakanso Aroma anaumanganso mzindawo, n'kukhala malo a olemba otchuka a Chikhristu monga Tertullian ndi Cyprian, ndipo Augustine anaphunzira komweko. M'masiku ake anthu a kumidzi ankayankhulabe chinenero cha Carthage wakale, patatha zaka zoposa 500 chiwonongekereni. Septimius Severus, yemwe anakhala mfumu ya Roma mu 193 AD, anali wa ku Leptis Magna, m'dziko la Libya lero.

Sitinavote kuti wapambana ndani. Tinagwirizana kuti gulu lililonse likayese mtsutso womwewu ndi ophunzira, ndipo aliyense woyankhula azitchula amene analemba umboni wake ndi mbali yomwe anali. Okonza apempha kuti tidzawatumizire zotsatira teremu isanathe. Ndikupempha a Wapampando kuti nkhaniyi ilowe pa ndandanda ya msonkhano wathu ukubwerawu, tisankhe sukulu yoyambira, ndiponso kuti amene ali ndi mapu a Nyanja ya Mediterranean oonetsa Sicily, Spain ndi Tunisia adzabwere nawo.

Ine wanu,
Nthumwi ya gulu