Ndege yakale si bokosi la maliro

Akonzi,

Ndiloleni ndidandauleko za momwe nkhani zimalembedwera ndege yonyamula katundu ikagwa kumadera akutali. Mutu wa nkhani umadziwikiratu: ndegeyo inali ndi zaka 70, inali chiphapha chouluka. Wowerenga amangogwira pakamwa n'kufunsa kuti nanga inkaulukiranji, basi nkhani yatha. Ine ndikuona kuti kulemba kotere kumabisa olakwa enieni, komanso kumanyozetsa ndege zomwe anthu ambiri akukhalira moyo.

Taonani ndege ya Douglas DC-3, yomwe Angerezi ankaitcha Dakota. Inauluka koyamba pa 17 Disembala 1935. Tikaphatikiza za asilikali zotchedwa C-47 ndi zomwe zinapangidwa ku Soviet Union ndi ku Japan, zonse zinapitirira 16,000. Mpaka lero zina zikugwirabe ntchito ya malonda, ndipo eni ake sakuzisunga chifukwa cha chifundo ayi. Ndegeyi ili ndi matayala awiri akuluakulu kutsogolo ndi kena kakang'ono kumchira, ndiye ikaima mphuno imaloza m'mwamba ndipo mapulopela amatalikira timiyala. Imatera pang'onopang'ono pabwalo lalifupi la fumbi, la matope kapena la madzi oundana, ili ndi katundu wa matani pafupifupi atatu m'mimba. Ndege ya jeti yamakono ingatere pamalo oterowo? Injini zake zingameze miyala ulendo woyamba womwewo.

Pali chinthu china chomwe olemba nkhani sachitchula. Jeti imauluka pamwamba kwambiri pomwe mpweya ndi wochepa, choncho amaipopera mpweya m'kati kuti anthu azipuma bwino. Ikakwera thupi lake limafufuma pang'ono, ikatsika limaphwa. Zikachitika kambirimbiri chitsulo chimatopa n'kuyamba timing'alu. N'zomwe zinaonekera ku Hawaii mu 1988, pamene denga la Boeing 737 ya kampani ya Aloha linasasuka ndege ili m'mwamba. Ndegeyo inali ndi zaka 19 zokha. DC-3 saipopera mpweya chifukwa imauluka m'munsi, ndiye thupi lake silizunzika motere. Mdani wake ndi dzimbiri ndi kutopa kwa zitsulo za m'mapiko, ndipo zimenezi makaniko wodziwa ntchito amaziona n'kusintha. Kunena zoona, pa ndege zambiri zomwe timati ndi za m'ma 1940, injini, mawaya, mapaipi ndi zina zinasinthidwa kangapo konse.

Tsono funso lomwe limandivuta ndi ili: oti ndegezi ziletsedwe chifukwa cha zaka, anthu omwe amazidalira akuwaganizira bwanji? Ku Alaska midzi yambiri ilibe msewu woilumikiza ndi tauni iliyonse. Mitsinje ikaundana maboti onyamula katundu amaima kwa miyezi. Mafuta otenthetsera nyumba kapena oyendetsera jenereta akatha pakati pa nyengo yozizira, amabwera pandege basi. Kampani ya Everts ya ku Fairbanks yakhala ikugwira ntchitoyi ndi ndege za DC-6 ndi C-46. C-46 imeneyi ndi yomwe ija inkadutsa pamwamba pa mapiri a Himalaya kutumiza katundu ku China pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse. Ku Yellowknife, kumpoto kwa Canada, Buffalo Airways yomwe a Joe McBryan anaiyambitsa mu 1970 inatchuka ndi ndege zamtundu womwewu. Ku Colombia, bwalo la La Vanguardia mumzinda wa Villavicencio lakhala kwa zaka zambiri khomo lolowera kuzigwa ndi kunkhalango za Amazon, ndipo ma DC-3 akhala akunyamuka pamenepo ndi anthu, chakudya, migolo ya mafuta, njinga zamoto, chilichonse chomwe chingalowe pakhomo. Kumalo ngati amenewa ndege si ya mabwana. Ndi lole ya m'mudzi.

Sindikunena kuti ndegezi sizigwa. Zimagwa, ndipo anthu amafa. Pa 9 Malichi 2019 DC-3 inagwa m'chigawo cha Meta ku Colombia ndi kupha anthu 14. Pa 23 Epulo 2024 ndege ina yakale ya C-54 yonyamula mafuta inagwa itangonyamuka ku Fairbanks, amuna awiri omwe anali m'menemo anafera pomwepo. Koma ofufuza ngozi ya ku Fairbanks anapeza zolakwika pa kakonzedwe, kuphatikizapo pomwe mafuta ankadontha m'phiko ndipo sipanamatidwe bwino. Umenewo ndi mlandu wa manja a munthu.

Ndipo ngozi imodzi yoopsa kwambiri ya ndege za mapulopela mu Africa sinali ya nkhalamba n'komwe. Pa 8 Januwale 1996 ndege ya Antonov An-32 inalephera kunyamuka pabwalo la N'Dolo ku Kinshasa, n'kukalowa mumsika wodzaza anthu. Anthu opitirira 200 anafa, ambiri mwa iwo ogulitsa ndi ogula omwe sanakwerepo ndege chibadwire. Mtundu wa An-32 unauluka koyamba mu 1976, ndiye poyerekeza ndi DC-3 inali mwana wa dzulodzuloli. Vuto linali katundu wopitirira muyezo. Pabwalo lakutali pomwe palibe sikelo, palibe woyang'anira, ndipo woyendetsa akudziwa kuti akakana katundu mawa ntchito palibe, ndege yatsopano igwa chimodzimodzi ndi yakale. Mwiniwake wadyera amakondwa kwambiri nyuzi ikalemba kuti vuto linali ukalamba, chifukwa palibe amufunse za makilogalamu omwe anawonjezera.

Chomwe chidzasiyitse ndege zakalezi kuuluka ndi china, ndipo chikubwera ndithu. Injini zake za mapisitoni ozungulira, monga Pratt & Whitney R-1830 ya masilinda 14 ndi R-2800 ya masilinda 18, anasiya kalekale kuzipanga. DC-6 ili ndi injini zinayi za R-2800, kutanthauza masilinda 72 ndi mapulagi 144 oti munthu aziwasamalira. Masipeya amachokera m'nkhokwe zakale za asilikali kapena kuziphapha. Mwa njira imeneyi, ndege zakufa zomwe mumaona zitandandalikana m'mphepete mwa mabwalo, zopanda injini, udzu utamera m'matayala, si zinyalala kwa eni ake. Imodzi imaphedwa kuti zina ziwiri ziuluke. Pabwalo la El Alto ku La Paz, m'dziko la Bolivia, zinatsala zambiri zomwe kale zinkanyamula nyama ya ng'ombe kuchokera kuzigwa za Beni, ndipo ntchito yawo inachepa misewu itafika. Amene amakonda kuzijambula ndimawamvetsa, n'zokongola ndithu, ngakhale ine maso anga amathamangira pa zomwe zachotsedwapo.

Amakaniko odziwa injini zimenezi nawonso akukalamba, ndipo achinyamata akuphunzira za jeti chifukwa ndi komwe kuli ndalama. Kenaka pali mafuta. Injini za mapisitoni sizimwa mafuta a jeti, zimafuna petulo wapadera wotchedwa avgas yemwe ali ndi mtovu. Ndi wodula, sapezeka m'mabwalo ambiri, ndipo dziko la America linadziikira cholinga chothetsa wa mtovuyu pofika 2030. Pamenepa sindingatsutse, mtovu ndi poizoni.

Njira ilipo koma si ya aliyense. Kampani ya Basler ya ku Oshkosh, Wisconsin, ku America, imatenga DC-3 yakale, kuiphwasula yonse, kutalikitsa thupi pafupifupi mita imodzi, kulimbitsa mapiko, n'kuikamo injini zamakono za PT6A zomwa mafuta a jeti. Ikatuluka imatchedwa BT-67. Ndege zimenezi n'zomwe zimanyamula asayansi ku Antarctica, ndipo bungwe la ku Germany la Alfred Wegener Institute lili nazo ziwiri, Polar 5 ndi Polar 6. Anthu a ndalama zawo, omwe akanatha kugula ndege iliyonse, anasankha thupi la m'ma 1940 kuti liwatengere kumalo ovuta kwambiri padziko. Mtengo wake ndi mamiliyoni a madola, ndiye kampani yaing'ono ya kunkhalango singaufikire popanda boma kapena banki kuigwira dzanja.

Pempho langa kwa inu Akonzi ndi lakuti tsiku lina ndege yotere ikadzagwa, mtolankhani wanu asadzathere pa chaka chomwe inapangidwa. Adzafunse kuti katunduyo anamuyeza ndani, injini inali itayenda maola angati chikonzereni, ndipo ndani anasaina buku la makaniko. Adzafunsenso anthu a kumudzi komwe inkapita kuti mankhwala ndi mafuta a mwezi wamawa abwera bwanji.

Ine wanu,
Wowerenga wokonda za ndege