Kalata yochokera ku Dedza potseka sukulu

Dedza, 28 Julaye

Achimwene okondedwa,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana onse. Ife kuno tili bwino, kupatula chimfine chimene chalowa pafupifupi nyumba iliyonse. Mukudziwa nokha mmene Dedza imakhalira mwezi uno: m'mawa nkhungu imakuta phiri lonse, ndipo ophunzira amafika pasukulu manja ali m'khwapa, milomo itayera. Munandiuza kuti ku Johannesburg nakonso kwazizira, choncho sindichulutsa mawu pa nkhani imeneyo.

Munandifunsa maganizo anga pa ndalama zimene mwasonkha ndi anzanu amene anaphunzirapo pasukulu yathu, ndipo munati ambiri akufuna kuti zigule magawuni oti ana a Fomu 4 azivala pa tsiku lotsanzikana. Ndinachedwa kuyankha dala, chifukwa ndinkafuna kuti chaka chithe kaye, kuti ndikuuzeni zimene ndaona ndi maso anga. Tsopano tatseka, makalasi akhomedwa, ndipo ndapeza mpata wokhala pansi.

Zambiri zasintha kuchokera pamene tinkaphunzitsa limodzi. Mayeso a JCE, amene anali atathetsedwa nthawi imene munkanyamuka, anabwezeretsedwa, kotero kuti temu yachitatu ili ndi magulu awiri a ana olemba mayeso a MANEB. Kalendala imene inasokonekera sukulu zitatsekedwa pa 23 Malichi 2020 chifukwa cha Covid-19 inabwerera m'malo mwake, ndipo timayambanso chaka mu Seputembala n'kutsiriza mu Julaye. Koma chaka chimene chija chinatisiyira mantha amene sanathe. Aphunzitsi tonse timakumbukira mmene mayeso a MSCE anaimitsidwira mu Novembala 2020 atabedwa, ana n'kulembanso mu Januwale 2021, ena atataya kale mtima. N'chifukwa chake mayeso akamayandikira, ahedi salankhula kawiri pa nkhani ya likasa, ndipo ana enieniwo amadziwa kuti kubera kwa munthu mmodzi kungathe kuvulaza dziko lonse.

Nkhani imene ndikufuna kukhalitsapo ndi ya mwambo wotsanzikana. Zaka zingapo zapitazi mwambowu unakula mopitirira msinkhu wa sukulu yoyendera ngati yathuyi. Mwana aliyense ankayenera kusonkha ndalama za gawuni yobwereka, keke, zakumwa, wojambula zithunzi ndi woimba nyimbo pa zimkuzamawu, osawerengera nsapato zatsopano ndi kukonzetsa tsitsi. Chaka chatha ndinaona kuti mipando ina inali yopanda anthu, ndipo mmodzi mwa amene sanabwere anali mtsikana wa m'kalasi langa amene kwa zaka zinayi sanajombepo popanda chifukwa, ngakhale kuti ankayenda mtunda wautali. Nditamufunsa sabata yotsatira, anandiyankha mwaulemu kuti mayi ake, amene amagulitsa kachewere m'mbali mwa msewu, anali atangomaliza kubweza ngongole ya ndalama za mayeso, ndipo iye sanafune kuwauzanso za gawuni. Anati anakhala tsiku lonse kudimba kuti asamve nyimbo. Mawu amenewo anandipweteka kwambiri, achimwene, chifukwa tsikulo linali lake kuposa wina aliyense.

Chaka chino nkhaniyi tinaitula ku msonkhano wa makolo ndi aphunzitsi. Sunali msonkhano wophweka. Makolo ena, makamaka amene amapezako bwino, anati ana awo akhetsa thukuta ndipo ayenera kuoneka ngati anzawo a m'tauni amene amawaona pa Facebook. Sindikuwaweruza, pakuti kholo lililonse limafuna kuona mwana wake atawala. Koma amayi a gulu la Mother Group, amene amadziwa khomo lililonse limene muli mtsikana wovutika, analankhula mosapita m'mbali. Mmodzi wa iwo anafunsa ngati chikondwerero chimene chimasiya ana ena kudimba chili cha sukulu kapena cha mabanja ochepa. Pamapeto pake tinagwirizana kuti aliyense avale yunifolomu yochapa bwino, ndipo banja lililonse libweretse chimene lili nacho.

Zimene zinabwera zinatidabwitsa. Ena anasenza ufa, ena nyemba, ena kabichi ndi kachewere, ndipo amene analibe chakudya anabweretsa mitolo ya nkhuni kapena anadzipereka kutunga madzi. A gulupu anapereka mbuzi. Amayi anasonkha moto kuseri kwa ofesi kusanache, ndipo pofika nthawi yoyamba mwambo bwalo linali litadzaza ndi makolo, agogo, mafumu ndi ana a ku pulayimale amene anakhala pansi kutsogolo. Ndinawerenga mayina a Fomu 4 ndekha, ndipo palibe ngakhale mmodzi amene anasowa.

Kwaya za magulu achikhristu a ophunzira a SCOM ndi YCS, zimene nthawi zambiri zimaimba payekhapayekha, tsikulo zinaimba limodzi. Anyamata a Fomu 2 anavina ngoma atanyamula zishango zimene anabwereka kwa agogo awo, ndipo mkulu wina wachingoni anadzuka pampando n'kulowa m'bwalo kuti awaonetse kapondedwe koyenera, anthu n'kululutira. Koma chimene chinagwira mitima ya onse ndi sewero la gulu la zisudzo. Ana analipeka okha, ndipo linali lonena za mnyamata amene akufuna kusiya sukulu kuti apite ku Joni, amalume ake akumulimbikitsa, mlongo wake akumuletsa. Mukanakhalapo mukanamva ngati akunena za mudzi wanu, chifukwa sanabise kalikonse: za ngongole ya ulendo, za makatoni a katundu amene amasangalatsa mudzi, ndi za amene amapita osamvekanso. Amene anasewera ngati amalume ndi mnyamata amene m'kalasi samveka mawu, ndipo masamu amamuvuta kwambiri. Tsikulo analankhula mwamphamvu ndi mwaluso mpaka bambo ake, amene amangoitanidwa pasukulu pakakhala mlandu, anaimirira n'kukamufupa misozi ili m'maso. Ndimakumbukira mmene inu munkalimbikira kutengera ana ku mipikisano ya zisudzo ya ATEM, bungwe lolimbikitsa kuphunzitsa Chingerezi, ngakhale ndalama zoyendera zinali zosowa, ndipo tsopano ndikumvetsa bwino chimene munkaona mwa iwo. Satifiketi ya MSCE sidzalemba za luso la mnyamata ameneyu, koma mudzi wonse unaliona.

Chakumadzulo mapulifekiti otuluka anapereka maudindo kwa anzawo a Fomu 3. Hedi gelo wotuluka anapereka belu ndi kaundula kwa wolowa m'malo mwake, ndipo anamulangiza pamaso pa onse kuti asamalembe dzina la wochedwa asanamufunse kumene akuchokera. Kenaka panali mpira wa aphunzitsi ndi ophunzira, atsikana n'kusewera ntchemberembaye pabwalo lina, mpaka dzuwa linalowa.

Masabata otsatira sukulu inakhala chete monga imakhalira nthawi ya mayeso. Oyang'anira mayeso ochokera kusukulu zina anafika, apolisi analondera mapepala, ndipo ife eni sukulu tinkangoonera patali, osaloledwa kuyandikira zipinda. Ana ankatuluka ena akumwetulira, ena atazyolika. Mayeso ochita ndi manja a sayansi ndi amene amandidetsa nkhawa chaka chilichonse, chifukwa Physics ndi Chemistry tsopano ndi maphunziro awiri osiyana, pamene ana athu zipangizo zambiri amangoziona pa chithunzi cha m'buku mpaka masiku oyandikira mayeso. Mwana wotere akupikisana ndi wa kusukulu yogonera komweko imene ili ndi labotale yokwanira, ndipo onse adzawerengeredwa mapointi pa maphunziro asanu ndi limodzi amene akhoza bwino, asanasankhidwe kupita ku mayunivesite a boma a UNIMA, MUBAS, KUHeS, MUST, LUANAR kapena Mzuni. Komabe ana athu sagonja. Ena ankabwerera pasukulu madzulo kudzawerengera limodzi ndi nyali imodzi, atafunda zitenje.

A Fomu 1 ndi Fomu 3 analemba mayeso awo otsiriza chaka, ndipo pa tsiku lotseka tinawapatsa malipoti. A gulu la zachilengedwe anagawana masiku odzathirira mitengo imene anabzala m'dzinja, kuti isaume kapena kudyedwa ndi mbuzi pa tchuthi. Amayi a Mother Group anakhala ndi atsikana padera kwa nthawi yaitali, popeza tchuthi chimenechi ndi chachitali, ndipo tonse timadziwa kuti mu Seputembala mayina ena saitanidwanso chifukwa cha mimba, ukwati kapena ganyu. Tsiku lotseka ana amasangalala, koma ine ndimayang'ana nkhope zawo ndikudzifunsa kuti ndani amene ndikumuona komaliza.

Tsono yankho langa ndi ili, achimwene, ndipo ndikupemphani kuti mulifikitse kwa anzanuwo mwaulemu, chifukwa mtima wawo ndi wabwino ndipo tikuuthokoza. Musagule magawuni. Ngakhale atakhala aulere, adzabweretsanso nsapato, keke ndi zina zonse zimene tangochotsa movutikira. Ndalamazo zisungidwe kuti zithandize ana amene makolo awo akuvutika, chifukwa m'zaka zapitazi ndalama za MANEB zinkafunika miyezi yambiri mayeso asanafike, nthawi imene mabanja ambiri ankalimbana ndi feteleza ndi chakudya, ndipo chaka chilichonse pankakhala mwana wanzeru amene ankatsala pang'ono kuphonya mayeso chifukwa cha zimenezi. Zikatsalako, tigule nyali zoyendera dzuwa zowerengera madzulo ndi zipangizo zochepa za sayansi. Ndikupemphanso kanthu kochepa ka gulu la zisudzo, kuti chaka chamawa likathe kupita kukapikisana ndi sukulu zina. Ahedi avomera kuti komiti ya makolo ndi amayi a Mother Group ndiwo azisankha ana oyenera thandizo, ndipo malisiti onse tizikutumizirani pa WhatsApp.

Mtsikana uja wa chaka chatha anabwera pa mwambo wa chaka chino kudzathandiza mayi ake kuphika, popeza mng'ono wake ali Fomu 3. Ndinamuitana kuti adzakhale pamodzi ndi a Fomu 4 pa nthawi ya chakudya, ndipo anavomera.

Zotsatira za mayeso zikatuluka ndidzakuimbirani. Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana, ndipo mundiuze ngati mudzabwere pa Khirisimasi, kuti ndikasiyire mawu a gulu la zisudzo akusewerereni sewero lija.

Ndine mnzanu ndi m'bale wanu,
wa ku Dedza