Kalata kwa Tadala, za tiana ta mphaka wake

Wokondedwa Tadala,

Uli bwanji mdzukulu wanga? Kuno ku Chitakale tili bwino, kungoti mvula sikukata.

Amayi ako andiuza kuti mphaka wako waswa, ndipo ena pakhomopo akuti tianato mukatitaye kunkhalango. Usavomere, mwanawe. Tamvera ndikuuze chifukwa chake.

Kutali kwambiri, kupitirira dziko la South Africa, pakati pa nyanja yozizira, kuli chilumba chotchedwa Marion. Kulibe midzi, kumangokhala anthu ochepa oyeza zanyengo ndi ofufuza. M'chaka cha 1949 anthuwo anapititsako amphaka asanu okha kuti aziwagwirira mbewa m'nyumba. Amphaka aja anaswana n'kulowerera kutchire, ndipo pofika 1977 anali atapitirira 3,000.

Mbalame zambiri za kumeneko zimakumba una pansi n'kuikiramo dzira limodzi lokha. Mphaka sizinkamudziwa, ndiye kuthawa sizinkathawa. Nanga mphaka angavutike n'kuthamangitsa mbewa pomwe ndiwo zili phee pa una? Chaka chilichonse amphakawo ankapha mbalame pafupifupi 450,000. Nambala imeneyi ukawapemphe aphunzitsi akulembere pabolodi, uone kutalika kwake.

Kuti mbalame zipulumuke, anthu anayenera kupha amphaka onse. Anayamba ndi kuwapatsira matenda, kenaka alenje ankawasaka usiku ndi matochi, enanso n'kutchera misampha, mpaka mu 1991 pamene sanatsale ndi mmodzi yemwe. Zimenezi zimandimvetsa chisoni, Tadala, chifukwa amphakawo sanalakwe. Anachita kutengedwa pa sitima, ndipo njala ndi njala. Mbewa zija nazo zinatsala, lero zikuluma anapiye a mbalame zikuluzikulu zotchedwa albatross.

Kwanu ku Thyolo ndi kuno m'phiri la Mulanje kuli kambalame kosowa kotchedwa Thyolo alethe. Kamakonda kutsatira linthumbu pansi m'nkhalango, n'kumatola tizilombo tothawa linthumbulo. Nkhalango zake zikutha kale ndi nkhwangwa. Tisakaonjezere mphaka wanjala.

Tianato tiziyamwa kaye mpaka titayamba kudya tokha. Tiwiri udzandibweretsere pa holide, makoswe andithera chimanga m'nkhokwe. Totsalato tidzafunsira anthu kutchalitchi. Uwauzenso abambo ako akaonane ndi alangizi a ziweto za mmene angamuletsere mphakayo kuswa pafupipafupi.

Upereke moni kwa onse, ndipo undiyankhe ndi dzanja lako.

Ndine,
Agogo ako