Lipoti la msonkhano wa ku Boma: kuyeza karenti pa pawa sapulayi

Akuluakulu nonse a gulu lathu kuno ku Monkey Bay, ndabwerako ku Mangochi Boma komwe munandituma, ya thiransipoti munasonkha ija inakwana zikomo kwambiri. Tinalipo okonza mafoni ndi mawailesi a ku Namwera, Makawa ndi apa Boma pomwepo. Zina zija tidzakamba pamaso, pano ndinene za karenti chifukwa mpomwe tikuonongera mafoni a eni ake.

Pawa sapulayi, yopatsira foni magetsi poikonza, ambirife timapanga tokha, ena ndi LM317 (kachipangizo kowongolera mavoti) ena kuzula mu kompyuta yakale, waya wachikasu 12V wofiira 5V. Mavoti timayeza koma karenti timangoganizira. Aphunzitsi anaika mita pa 10A nkufunsa mawaya agwire pati, mnyamata wina anangogunditsa ku positivi ndi negativi ngati akuyeza mavoti, kuthetheka pompo fyuzi yapita. Zinandikhudza, mita yanga yoyamba inafa chonchi. Karenti timayeza podula waya umodzi mita nkulowa pakati kuti magetsi adutse mkati mwake.

Koma chomwe ndabwera nacho kwenikweni ndi shanti, resistor yoyezerapo karenti. Mutenge resistor ya 0.1 ohm mudule waya wa negativi muiwotcherere pakati ikhale pomwepo, ndiye mita muziika pa mV nkuyeza mbali zake ziwiri basi, 100mV ndiye 1A, 150mV ndiye 1.5A pomwe LM317 imathera, ndipo ndi kutentha kwa kuno kwathu LM317 popanda heatsink, kachitsulo kochotsa kutentha, siichedwa kudzizimitsa. Resistor yake ikhale yoyera ija ya 5W, pa 3A imatulutsa kutentha kwa 0.9W ndiye tating'ono tija timangopsa.

Aphunzitsi anatibweretsera foni yakufa, sapulayi pa 4.2V malo a batire. Batani la pawa asanaligwire nkomwe mita inathamangira ku 100mV, kusonyeza shoti, foni yabwino imayenera kukhala pafupi ndi zilo. Ndinayendetsa chala pa bodi mpaka ndinapeza ka capacitor kotentha ngati khala, atakachotsa foni inayaka. Chonde achimwene 5V ya kompyuta osailowetsa malo a batire, komanso ma capacitor akuluakulu a mu sapulayi ya kompyutayo amasunga mavoti opitirira 300 ngakhale mwazula pa soketi ya ESCOM, musawagwire msanga.

Loweruka madzulo aliyense abwere ndi sapulayi yake ku shopu kwanga tidzaike mashanti, ndagulako ma resistor asanu.