Bambo akuti ku Bunda n'kokaphunzira kulima, ndiwayankhe bwanji?

Alangizi,

Ndine mphunzitsi wa Agriculture pa sekondale ina m'boma la Dedza. Mtsikana wina amene ndinkamuphunzitsa wakhoza bwino MSCE, makamaka Chemistry, Biology ndi Masamu, ndipo pa fomu ya NCHE yofunsira malo ku mayunivesite a boma akufuna kuika patsogolo digiri ya sayansi ya mbewu ndi nthaka ku yunivesite ya zaulimi ya LUANAR, ku Bunda. Bambo ake akukanitsitsa. Akuti sangavutike zaka zinayi kuti mwana akaphunzire kulima, pomwe agogo ake adadzaza nkhokwe osapondako m'kalasi. Iwo akufuna unamwino.

Za maphunzirowo ndikhoza kuwafotokozera, chifukwa ndikuona kuti akusokoneza kugwira khasu ndi kudziwa zimene zikuchitika pansi pa mzere. Ngakhale kutenga dothi lokayezetsa kuli ndi malamulo ake. Wophunzira amayenda mokhotakhota m'munda n'kukumba malo 15 kapena 20, kuya masentimita 20, poti m'menemo ndi momwe mizu yambiri ya chimanga imadyera. Sakumba pachulu, potenthedwa zinyalala, patsinde pa mtengo kapena pomwe padaunjikidwa manyowa, chifukwa dothi la pamenepo limanama: lionetsa chonde pomwe munda wonse udaguga. Amalisakaniza lonse m'ndowa yapulasitiki yotsuka bwino, kutapapo theka la kilogalamu, kuliumitsa pamthunzi, kenako kulisefa pa sefa ya mamilimita 2. Akaliika m'thumba lomwe mudali feteleza, kapena m'ndowa ya malata, zotsatira zaonongeka, ndipo ndalama yoyezetsera yapita pachabe.

Ku labu ndiye kumafunika Chemistry uja. Kuno kumapiri, monga ku Bembeke, ndiponso ku Thyolo ndi ku Mulanje kumene mvula imagwa yambiri, nthaka yochuluka ndi ya asidi. Muyezo wa pH, womwe umatsika asidi akamachuluka m'nthaka, ukafika pansi pa 5.5, aluminiyamu amasungunuka m'dothi n'kumapha nsonga za mizu. Mukazula phesi mupeza mizu yaifupi, yonenepa, yopanda tiubweya. Fosifolasi wa mu feteleza naye amamangika m'dothi, chimanga osamupeza, masamba a mmera n'kumaoneka ofiirira m'mphepete. Mlimi amathira matumba awiri a NPK ndi atatu a urea pa hekitala monga adauzidwira, koma zokolola n'kukhala zochititsa manyazi, iye n'kumati feteleza wa masiku ano ndi wabodza. Kuonjezera thumba lina sikuthandiza. Pamafunika laimu, wosakanizidwa ndi dothi milungu ingapo mvula isanayambe, ndipo mulingo wake umachokera ku zotsatira za ku labu, osati kungoyerekeza ndi maso. Urea yemweyo, chaka ndi chaka, amaonjezera asidi m'nthaka, ndipo akathiridwa pamtunda osakwirira, gawo lina la nayitrojeni limauluka. Zimenezi agogo aja sadazione, chifukwa nthawi yawo munda unkagonera.

Masamu nawo sathawika. Mizere yotalikirana masentimita 75, mapando masentimita 25, mbewu imodzi paphando, ndiye kuti mapesi 53,333 pa hekitala. Matumba awiri a NPK wa 23:21:0+4S ndi atatu a urea amapereka makilogalamu 92 a nayitrojeni. M'chaka chomaliza wophunzira amachita kafukufuku wakewake pa timinda tating'ono, ndipo ayenera kutsitsa milingo imeneyi kufika pa magalamu: makilogalamu 150 a urea pa hekitala ndi magalamu 15 pa sikweya mita iliyonse. Njira iliyonse imene akuyesa amaibwereza katatu kapena kanayi pamalo osankhidwa mwamaere. Akapanda kutero, kamunda kakumunsi kwa chitunda, komwe kumatsikira chonde, kadzapambana, iye n'kulemba kuti njira yake ndi yabwino pomwe yagwira ntchito ndi mvula. Mtsikanayu zonsezi angazithe, sindikukayika.

Pamene ndikusowa chonena ndi pa funso lenileni la bamboyo, lomwe ndi la ntchito ndi ndalama. Malo olembako anthu a maphunziro amenewa alipo: Unduna wa Zaulimi ndi malo ake ofufuzira monga Chitedze, Bvumbwe ndi Makoka, bungwe la ARET pa za fodya, minda ya tiyi, minda ya nzimbe ku Nchalo ndi ku Dwangwa, makampani a mbewu ndi feteleza, komanso mabungwe omwe si aboma. Koma sindingawalonjeze kuti akangomaliza alembedwa. Ambiri amayamba ndi ntchito za kontirakiti zomwe zimatha pulojekiti ikatha, ndipo wofuna kukhala wofufuza weniweni kawirikawiri amafunika digiri yachiwiri. Ngongole ya ophunzira ya HESLGB si aliyense amaipeza, ndipo ndi yobweza. Pamwamba pa fizi palinso ndalama ya malo ogona pa nthawi yokaphunzira ntchito, thiransipoti yopitira kumunda wa kafukufuku, ngakhale majombo. Bambo wolima mbatatesi ndi kabichi akawerengera zonsezi, yunifolomu yoyera ya namwino imaoneka yodalirika. Sindikuwanena kuti alibe nzeru.

Ndiye ndithandizeni pa izi. Kodi ine monga mphunzitsi malire anga ali pati? Ndipite ndekha kwawo, kapena ndidzere kwa amalume a mwanayu, poti kuno mawu a malume amalemera? Anzanga ena akuti angodzaza fomu mwakachetechete, bambo adzaona mayina atatuluka, koma ine ndikuopa kuti mwana adzasankhidwa kenako n'kusowa womulipirira. Ena akuti aike unamwino poyamba, za nthaka zikhale zachiwiri, koma akatengedwa pa choyambacho mpata wa ku Bunda watha.

Ndaganizanso zopempha bamboyo kuti mwana wawo atenge dothi m'munda mwawo momwemo, tikaliyezetse ku Chitedze, adzawawerengere yekha zotsatira ndi kuwauza chothira. Koma kodi munthu wamkulu sangazione ngati chipongwe, kuti mwana ndi mphunzitsi wake agwirizana zowaphunzitsa munda wawo? Nthawi yotumizira mafomu yayandikira, chonde ndiyankheni msanga.

Mphunzitsi wa Agriculture,
Dedza