Kolete uzivala usanakwere boti

Ulongwe, Angónia

Mwana wanga,

Kuno tili bwino, mayi ako akupereka moni. Tamva kuti ntchito ya kapenta yakufikitsa ku Cahora Bassa ndipo mumagwira usiku. Juni wafika, tsono nditchere khutu.

Ndikudziwa kuti kusambira umatha. Koma munthu akagwera m'madzi ozizira mwadzidzidzi, thupi limadzidzimuka. Amakoka mpweya asakufuna, kenako n'kumapuma mwawefuwefu kwa mphindi imodzi kapena ziwiri. Mutu ukakhala uli pansi pa madzi nthawi imeneyo, chomwe wakokacho ndi madzi. Pakapita kanthawi zala ndi mikono zimachita dzanzi, osathanso kugwira chingwe kapena kumanga lamba. Madzi amalanda kutentha kwa thupi mofulumira kuwirikiza pafupifupi ka 25 kuposa mpweya, ndiye ngakhale madzi amene masana umawamva ofunda, ukakhalitsamo usiku amakufoola. N'chifukwa chake kolete, jekete yoyandamitsa ija, uzivala uli pagombe. Uli kale m'madzi sungathe kuimanga.

Pogula, funa yolembedwa 150N. Imeneyo anaipanga kuti izitembenuza munthu chagada, nkhope kumwamba, ngakhale atakomoka. Ya 50N njongothandizira wosambira pafupi ndi mtunda. Manga malamba onse, osaiwala wodutsa pakati pa miyendo uja, amene anyamata amamuchitira manyazi. Mnzako aikoke m'mapewa: ikafika m'makutu ndiye kuti yakhwepa, m'madzi idzakuvuka. Usamaikhalire ngati mpando, usamaisiye padzuwa kapena pomwe pali dizilo, siponji ya m'kati imaonongeka. Mangirirapo wezulo ndi katochi.

Ukagwa, usayambe kusambira. Gona chagada, dikira mpaka kupuma kubwerere m'malo. Boti likagudubuka koma likuyandama, usalisiye. Kwera pamwamba pake, chifukwa thupi likatuluka m'madzi limachedwa kuzizira, komanso anthu okufunafuna amaona boti msanga kuposa mutu wa munthu. Nyale za anzako usiku zimaoneka ngati zili pafupi, pomwe zili kutali. Ngati palibe chogwira, pinda mawondo afike pachifuwa, manja uwapingase. Mukakhala angapo, kumbatiranani. Kuphiriphitha kumangotha mphamvu, ndipo ng'ona za m'nyanjamo ukuzidziwa.

Mukavuula mnzanu, mugonekeni, musamuyendetse. Mvuleni zonyowa, mumfunditse bulangeti kuyambira kumutu ndi pachifuwa. Musamutikite miyendo ndi manja, musamuike pafupi kwambiri ndi moto. Ngati ali maso ndipo akutha kumeza, tiyi wofunda wa shuga. Kachasu ayi, mwana wanga, amangonamiza thupi kuti lafunda pomwe kutentha kukutuluka. Amene wamwa madzi pomira apite kuchipatala ngakhale akuoneka kuti ali bwino, chifuwa chimatha kudzavuta pambuyo pake.

Ngati abwana ako sanakupatse kolete yokukwana, tiuze mtengo wake sabata ino. Tigulitsako mbatatesi, ndalama titumiza.

Ndine bambo ako.